Mtima wabwino pawokha sungateteze mwana kapena agogo

Dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri la Mulanje, amayi ambiri a ku Chitakale, Chonde, Nkando ndi Limbuli amakhala atanyamuka kale. Ena akukatchola tiyi kuesiteti, ena akuthamangira kumsika ndi dengu la nthochi, ena awoloka pa Muloza kukaoda katundu ku Milange.

Kunyumba asiyako mwana wa zaka zitatu, agogo osaona bwino kapena m'bale wodwala. Tsiku lonse anthu amenewa akhala m'manja mwa wina: mlezi wa kumkombaphala, mtsikana wantchito kapena mayi wa gulu loyendera odwala m'mudzi.

Kodi munthu amene tamusiyira moyo wa abale athuyu adaphunzitsidwa chiyani?

Tonse tikudziwa momwe timawasankhira. Amfumu akaitanitsa msonkhano, timaloza mayi uje chifukwa ndi wofatsa, amapemphera komanso amakonda ana. Sitilakwa kutero. Ndi anthu otere amene adasenza mtolo wa Edzi m'zaka za m'ma 1990, kusambitsa odwala ndi kuwaphikira phala, boma lisadayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Ndi mtima womwewo umene udabala bungwe la Friends of Mulanje Orphans mu 2000 kuti lisamalire ana amasiye m'boma lino.

Koma chifundo chili ndi malire ake. Chifundo sichiuza mlezi kuti mwana amene adasiya kale kukodza pogona, ndiye wayambiranso mwadzidzidzi, akuyenda motangadza komanso akubisala akaona bambo wina wake, mwina wachitidwa zachipongwe. Mlezi wosaphunzitsidwa amangoti mwanayo wayamba mwano, mwinanso kumumenya kumene. Wophunzitsidwa amamutengera pambali, kumufunsa modekha osamuikira mawu m'kamwa, ndi kuthamangira naye kuchipatala. Iye amadziwa kuti mankhwala oteteza ku HIV kwa munthu wogwiriridwa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ikapita nthawi imeneyi, pepani sapoletsa chilonda.

N'chimodzimodzinso ndi okalamba. Nkhanza kwa agogo si kumenya kokha. Kuwasiya chigonere pamphasa mpaka kutuluka zilonda pamsana, kuwamana chakudya poopa kuti adziipitsira, kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse, ngakhale kuwalanda ndalama za Mtukula Pakhomo, zonsezi ndi nkhanza. Zambiri mwa izo zimachitika mwakachetechete, ndipo wozichita amakhala mdzukulu kapena mwana wobereka yemwe.

Palinso matenda a ubongo obwera ndi ukalamba omwe amaiwalitsa munthu. Agogo amatha kudzuka usiku, kutuluka osavala bwino, n'kukapezeka pakhomo pa eni akulankhula zosamveka. Kukacha mudzi wonse wagamula kale kuti mfiti yagwa. Mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Ife a ku Mulanje sitingawaloze chala, pakuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka konkuno ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa adataya miyoyo. Pamalo otere, munthu mmodzi wodziwa kuti agogowa akudwala, wolimba mtima kuimirira pamaso pa gulu, angathe kupulumutsa moyo.

Malamulo tili nawo ndithu. Lothana ndi nkhanza za m'banja lidabwera mu 2006. Losamalira ndi kuteteza ana lidabwera mu 2010. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 azitengedwa kuti ndi mwana. Ngakhale lamulo lakalekale la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Koma lamulo lilibe miyendo. Silingachoke m'buku ku Lilongwe n'kukagogoda pakhomo kwa Mabuka, kwa Njema kapena kwa Chikumbu. Miyendo yake ndi mlezi uja, amene amaona mwanayo tsiku ndi tsiku.

Ena adzati za m'banja zimathera m'banja, mlezi asalowerere. Maganizo amenewa ndiwo akutipweteka. Kangati tamva kuti mwana wagwiriridwa, akuluakulu akhala pansi pa mtengo, wolakwa walipa mbuzi, nkhani yatha? Mbuzi yadyedwa, koma mwana akumanabe ndi munthu yemweyo panjira ya kumjigo. Kugwiririra mwana ndi mlandu wa kupolisi ndi kukhoti, si wa pabwalo la amfumu. Wosamalira anthu ayenera kuphunzitsidwa kuti chinsinsi chimene chikuika moyo wa mwana pachiswe sichisungidwa, ndipo adziwe kokanena: kuofesi yosamalira anthu kuboma, kunthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena kuimba nambala yaulere ya 116.

Tisabisenso kuti nthawi zina wochita nkhanza amakhala wosamalira yemweyo. Ambiri mwa alezi a kumkombaphala amagwira ntchito mongodzipereka, ana ali piringupiringu, iwonso kwawo kulibe ndiwo. Mtsikana wantchito nayenso nthawi zina amakhala mwana amene adayenera kukhala pasukulu. Munthu wotopa ndi wanjala sachedwa kupsa mtima. N'chifukwa chake maphunziro ayenera kukhudzanso khalidwe la mlezi mwini wake: kulangiza mwana popanda chikwapu, kusadzitsekera m'chipinda ndi mwana wa eni, kupempha chilolezo kwa agogo asadawavule powasambitsa, ndi kunena poyera akatopa kuti wina amulandire.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa kanthu. Mabanja ambirimbiri a m'boma lino adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, amuna, amayi, atsikana, olumala ndi okalamba kugona mothithikana. Pamalo otere wogawa ufa amakhala ndi mphamvu zambiri pa mtsikana wanjala. Nthawi yophunzitsa anthu oteteza anzawo si pamene madzi afika m'khosi. Ndi pano, kunja kuli ngwee.

Nanga ndalama zichokera kuti? Funso limeneli ndi lomveka, koma tisalisandutse pobisalira. Maphunzirowa safuna hotela ya kunyanja. Atha kuchitikira m'kalasi Loweruka kapena patchalitchi, ndi alangizi a boma omwe adaphunzira kale ntchitoyi m'makoleji ngati Magomero ku Chiradzulu. Chofunika n'choti opita kumeneko akhale amene amagwiradi ntchito, osati abale a wapampando othamangira alawansi. Akamaliza asatayidwe. Alangizi aziwayendera, ndipo maphunziro azibwerezedwa, chifukwa alezi amasinthasintha. Khonsolo ya boma, mipingo, mizikiti ndi makampani a tiyi, omwe antchito awo ndiwo amasiya ana m'malo amenewa, aliyense ali ndi gawo lake.

Ife makolo tisadikire msonkhano. Lolemba likubwerali, pokasiya mwana kumkombaphala, tiime pang'ono ticheze ndi mlezi. Timufunse mwaulemu kuti: mayi, kodi mudapitako kumaphunziro? Mutaona chachilendo pathupi pa mwanayu mungatani? Mungakauze ndani? Akayankha kuti sakudziwa, tisamunyoze, pakuti si kulakwa kwake. Tipite nayo nkhaniyo kukomiti ya sukuluyo, kwa amfumu ndi kwa khansala, mpaka mayiyo aphunzitsidwe.

Ndipo madzulo mwana akabwera, timusambitse tokha, timufunse za tsiku lake. Agogo nawonso tikhale nawo pansi, tiwamvetsere ngakhale akubwereza nkhani imodzimodzi. Amene watisamalira anthu athu tsiku lonse timuthokoze, ndipo pamene tingathe timupatseko sopo kapena kambale ka ufa.