MLONDA WA NKHOKWE SI MWINI CHIMANGA

Dziko lililonse lofuna bata ndi mtendere liyenera kukhala ndi gulu lankhondo lamphamvu ndi losunga mwambo. Koma funso limene lagwetsa maiko ambiri muno mu Africa ndi ili: pakati pa munthu wosankhidwa ndi anthu ndi munthu wonyamula mfuti, kodi womvera mnzake ndani?

Tiyeni tiyang'ane ku Uganda. M'mwezi wa Meyi 1966 a Milton Obote atakangana ndi Kabaka, mfumu ya Buganda, anatuma asilikali motsogozedwa ndi Idi Amin kukathira nkhondo nyumba yachifumu ku Mengo. Mkangano wa ndale unatha ndi zipolopolo, ndipo asilikali anaphunzira tsiku lomwelo kuti mpando wa a Obote watsamira pa mfuti zawo. Pa 25 Januwale 1971, mwiniwake ali ku msonkhano wa Commonwealth ku Singapore, Amin yemweyo analanda boma. Analamulira mpaka 1979, ndipo anthu zikwizikwi anaphedwa popanda mlandu. Mtsogoleri woitanira msilikali m'bwalo la ndale adziŵe kuti mlendo wotere akaloŵa satsazika msanga.

Ife kuno ku Malaŵi tinayesedwa m'chaka cha 2012. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi pa 5 Epulo, panali ena amene sanafune kuti wachiŵiri wawo, Mayi Joyce Banda, aloŵe m'malo. Kwa masiku aŵiri dziko linali m'malere, ndipo maso a onse anali pa mkulu wa asilikali, General Henry Odillo. Mfuti anali nazo, mpata unalipo, koma iwo anaima pa malamulo oyendetsera dziko, amene amanena kuti pulezidenti akamwalira wachiŵiri wake ndiye amamaliza nyengoyo. Pa 7 Epulo Mayi Banda analumbira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe popanda dontho la magazi. Ulemu wa asilikali athu tsiku limenelo unali m'chinthu chimene anakana kuchita.

Malamulo athu a 1994 anagaŵa ntchito momveka. Pulezidenti ndiye mkulu wa magulu onse ankhondo. Aphungu ndiwo amavomereza ndalama zogulira mfuti, nsapato ndi chakudya cha msilikali, ndipo ndalamazo ndi msonkho wa mlimi wa fodya, mphunzitsi ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Tsono mfuti ndi ya anthu, msilikali anangoisungizidwa. Mlonda angakhale wamphamvu chotani, chimanga cha m'nkhokwe sichisanduka chake.

Komatu udindo suli mbali imodzi. Atsogoleri osankhidwa alipire asilikali pa nthaŵi yake, awakweze pa maudindo poona ntchito osati mtundu kapena chigawo chochokera, ndipo asawatume kukaopseza otsutsa. Asilikali nawo amvere lamulo loyenera, ateteze malire, athandize pa ngozi za madzi osefukira, koma za yemwe alamulire dziko azisiye m'manja mwa oponya voti. Boma loipa timalichotsa pa chisankho; boma la mfuti mudzalichotsa ndi chiyani?

Kuyambira 2020 asilikali alanda boma ku Mali, Guinea, Burkina Faso, Niger ndi Gabon. Chiyambire kulandira ufulu mu 1964, Malaŵi sanalamulidwepo ndi asilikali. Tisaone ngati ndi mwayi wongotola panjira. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Mbiri yabwinoyi tiisamale tonse, ovala yunifolomu ndi okhala m'Nyumba ya Malamulo omwe.