Mukuifuniranji nambala yanga?

Mwezi wathawu mchemwali wanga wamng'ono anakasiya kalata yofunsira ntchito ku ofesi ina m'tauni, chakufupi ndi Victoria Avenue. Pageti anapeza zomwe tonse timapeza: mlonda, kampando, ndi kope lalikulu lachikuto cholimba lija, cholembera atachimangirira ndi chingwe kuti chisabedwe. Analemba dzina, nambala ya foni, komwe amakhala, yemwe wabwera kudzamuona ndi nthawi, n'kusainira. Analowa, anasiya envelopu, anakwera minibasi kubwerera ku Chilomoni.

Usiku womwewo uthenga unalowa pa WhatsApp, nambala yachilendo. Munthuyo anamutchula dzina lake ndi la bambo lomwe, anamuuza kuti bulauzi yobiriwira ija inamukhala bwino, n'kufunsa kuti ku Chilomoniko amakhala chapati. Atamufunsa kuti nambalayi mwaitenga kuti, mkuluyo sanabise n'komwe, anayankha ngati wachita chamuna. Akuti analowa pambuyo pake, anapeza kope lili chitsegulire, anangojambula tsamba lonse ndi foni.

Anamubuloka. Mawa lake anaimba ndi nambala ina. Kwa milungu iwiri mwana uja ankatsikira pasiteji ya eni ake n'kumayenda akucheuka. Ine ndinati basi ungosintha laini. Anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, ndisinthe bwanji? Nambala imeneyi ndi yomwe ili pa makalata onse amene ndasiya chaka chino."

Chomwe chimandipweteka n'chakuti cholembera chija anachiganizira, anachifunira chingwe. Mayina ndi manambala a anthu ankhaninkhani anangowasiya pamtetete.

Tawerengani nokha malo amene mumasiya nambala yanu pa sabata imodzi. Mukatapa ndalama za pafoni pa ambulera ina ku Limbe, mumalemba m'kope dzina, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe mwatapa, ndiye wobwera pambuyo panu akuwerenga zonsezo inu musanafike n'komwe pa depoti. Mushopu akuti lembani nambala kuseri kwa lisiti muponye m'bokosi, mwina muwina filiji. Kumsonkhano wa bungwe akuti sainani apa kuti mulandire fanta. Pa fomu iliyonse akufuna fotokope ya chitupa cha unzika. Ine ndinagulapo mandasi ku Ndirande atakulungidwa m'fomu ya munthu wina: dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu, nambala, zonse zikuoneka bwinobwino pakati pa mafuta. Ndinadya mandasiwo, koma anandiima pakhosi.

Kale nambala inali nambala basi. Ukatopa nayo umagula ina pamsewu. Zinasintha. Mu 2017 a National Registration Bureau analembetsa anthu opitirira 9 miliyoni m'kaundula wa zitupa za unzika, kutenga chithunzi ndi zidindo za zala. Mu 2018 a MACRA analamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe, ndipo zosalembetsa zinayamba kudulidwa. Lero laini yanu, nkhope yanu, ndalama zanu ndi dzina lanu zamangidwa ndi chingwe chimodzi. Wogwira nsonga imodzi akhoza kukoka zonse. Tinauzidwa kuti kulembetsaku kuthandiza kugwira akuba a pafoni, ndipo maganizowo sindikuwanyoza. Koma ndani mwa inu amene chaka chino sanalandire uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Ndipo amene amabera agogo athu ndi uja amaimba akuwatchula dzina, akudziwanso kuti dzulo alandira ndalama. Dzinalo sanalote. Pali pomwe analiwerenga.

Ndikayamba nkhaniyi pa bawo kapena mu minibasi, sipalephera munthu wonena kuti, "Aaa, ine ndilibe chobisa. Amabisa ndi akuba." Chabwino aise. Ndiye bafa la kwanu munaliikiranji chitseko? Tandiuzani PIN yanu pano tonse timve. Chinsinsi si umbava. Pali munthu amene amakwera minibasi ziwiri kukalandira ma ARV kuchipatala chakutali, chapafupi chilipo, pongofuna kuti aneba asamuone. Pali mayi amene anathawa mwamuna womenya ku Bangwe, akukhala kwa m'bale wake ku Chirimba, ndipo moyo wake wadalira kuti bamboyo asadziwe komwe ali. Pali kalaliki amene waona katangale ku ntchito ndipo akufuna kuulula osachotsedwa ntchito. Onsewa alibe mlandu. Mukamati mulibe chobisa, mukungotiuza kuti zinthu zikukuyenderani lero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism kuno ku Blantyre, n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa yemwe anamupatsa chikalata chomwe analembera nkhani. Taganizirani munthu amene anapereka chikalatacho, usiku umenewo anagona bwanji. Anthu ena anjatidwapo pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mutha kunena kuti ena mwa iwo anatukwanadi. Koma onani kuti kuwapeza kwake sikunavute.

Makolo athu izi amazidziwa bwino kuposa ife. Nthawi ya chipani chimodzi munthu ankatsitsa mawu mu basi, chifukwa sankadziwa kuti wakhala naye pampando ndani. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987, anakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Constitution ya 1994 itabwera, ndime 21 inati munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi: asasechedwe chisawawa, katundu wake asalandidwe, makalata ake ndi zokamba zake za pa lamya zisasokonezedwe. Amene analemba ndime imeneyo anali atawona zinthu. Kazitape wa nthawi imeneyo ankatha nsapato kutsata munthu. Ife wathu tamuika m'thumba, timamutchaja usiku uliwonse, timamugulira bando ndi ndalama zathu.

Ndipo timakonda zaulere, eti? App ya tochi ikupempha kuona manambala a anzanu onse, inu n'kungodina "Allow". Tochi ikufuna nambala ya azakhali anu kuti itani nayo? App ya ngongole ikufuna kuwerenga ma SMS ndi zithunzi. Kamasewero kaja ka pa Facebook kouza kuti mudzakwatira chaka chanji, mumayesa n'kachifundo? Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook kudzera m'kamafunso kangati komweko, n'kuzigwiritsa ntchito pa ndale. Ambiri mwa anthuwo sanayankhe n'komwe mafunsowo. Anzawo ndi amene anadina. Ndiye mukamadina, dziwani kuti mukupereka ndi za ine ndemwe, osandipempha. Pakadafunda padajiwitsa.

Tsono ndimve mbali inayo, poti ilipo. Ofesi iyenera kudziwa yemwe walowa, chifukwa laputopu ikasowa pamafunika poyambira. Wa ndalama za pafoni akufunika umboni, chifukwa mawa wina abwera kudzakana kuti sanalandire. Zoona. Ndipo mlonda sindimuimba mlandu. Bambo aja amaima tsiku lonse padzuwa, malipiro ake inu mukuwadziwa, ndipo anangouzidwa kuti aliyense alembe. Mlandu uli ndi amene anajambula mizere m'kopemo atakhala mu ofesi yozizira, osadzifunsa kuti kodi mzere wakuti "komwe mumakhala" tiufuniranji.

Chitetezo sichifuna kuti mlendo aliyense awerenge za alendo anzake. Perekani kapepala kamodzi kwa munthu mmodzi, alembe, kalowe m'bokosi lokiya. Kapena mlonda alembe yekha kope lili kwa iye. Ngati dzina ndi nthawi zikukwanira, nambala isiyeni. Pakatha nthawi yomwe munaika, otchani mapepalawo, asakathere kwa ogulitsa mandasi. Palibe chodula apa. Chomwe simunatenge sichingabedwe, sichingatayike, ndipo palibe angakukakamizeni kuchipereka.

Si ine ndekha ndikutero. Dziko lino tsopano lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo ntchito yoyang'anira lamuloli inapatsidwa kwa MACRA. Mfundo zake n'zofanana ndi za GDPR, lamulo la ku Ulaya lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018: ukatenga mbiri ya munthu, pakhale chifukwa chomveka, usatenge zopitirira zomwe ukufunikira, uzisunge mosamala, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chiyani za ine. Lamulo lilipo. Koma lamulo lomwe silinafike pageti n'chimodzimodzi mankhwala osungidwa mu kabati wodwala ali kumudzi. Lingafike pokhapokha ife titayamba kufunsa.

Ndilankhulenso ndi inu anyamata ndi atsikana a ku MUBAS ndi kwina, amene mukupanga ma app ndi mawebusayiti a mashopu, masukulu ndi matchalitchi. Fomu iliyonse yomwe mukukonza ndi kope la pageti lomwelo, kungoti lanulo silidzadza ndipo silinyowa ndi mvula. Musanaike kabokosi kofunsa tsiku lobadwa kapena nambala ya chitupa, dzifunseni kuti zikabedwa mudzamuuza chiyani mwini wake. Kasitomala akakuuzani kuti tangotengani zonse mwina tidzazifuna, muuzeni kuti "mwina" si chifukwa.

Sabata yatha ndinafika pageti lina ku Ginnery Corner. Kope lomwe lija, mizere yomwe ija. Ndinalemba dzina ndi nthawi, n'kusiya pa nambala popanda kanthu.

"Apa simunalembe, achimwene."

"Bambo, nambalayi ndi yoti itani?"

Anaganiza kaye, kenako anaseka. "Ine kaya. Abwana anangoti azilemba."

"Ndiye abwanawo akaifuna ndikawapatsa ndekha m'katimo."

Anandiyang'ana, anayang'ana kope, ananditsegulira geti. Palibe chinagwa. Yesani nanunso, mwaulemu, osakalipira mlonda. Tikachuluka ofunsa, funsolo likwera masitepe mpaka lifike kwa amene anajambula mizere.

Mchemwali wanga akadali ndi nambala yomwe ija. Mkulu uja anatopa, kapena wapeza tsamba lina. Koma mpaka lero foni ikalira ndi nambala yachilendo, mwanayo amaiyang'ana kaye osaigwira. Sadziwa ngati ndi ntchito ikumuitana kapena ndi uja wa kope.