Kompyuta za M'manja: Tisagule ndi Maso Okha

Ndifuna kunenapo maganizo anga pa chinthu chimene ambiri a ife tichilakalaka masiku ano, ndicho kompyuta ya m'manja. Ponena kompyuta ya m'manja nditanthauza foni ija yokhudza pagalasi, pamodzi ndi mbale wake tabuleti, pakuti zimenezi si lamya chabe ai. Kompyuta imene inatsogolera chombo cha Apollo 11 kumwezi m'chaka cha 1969 inali ndi malo ogwiriramo nchito a makilobaiti 4 okha, koma foni wamba ya magigabaiti 2, yonga imene tiiona m'masitolo pano pa Mponela, iri ndi malo otere ochuluka kokwana ka 500,000. Chotero si chinthu chochepa chimene tichifuna. Koma ine ndiona kuti pochisankha ambiri tiyesa ndi muyeso wolakwa. Tiyang'ana kunyezimira kwake ndi mtengo wonenedwa ndi wogulitsa, ndipo tiiwala kufunsa ngati chidzapirira makhalidwe a kwathu kuno.

Tiyeni tiyambe takumbukira kumene ndalama zogulira zichokera. Ambiri a ife makolo athu ndi alimi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene aona ndalama kamodzi pa chaka akagulitsa fodya, soya kapena mtedza. Pa ndalama zomwezo payenera kuchoka fizi, feteleza, sopo ndi mchere. Ndiponso mafoni onsewa achokera kunja ndipo agulidwa ndi madola, motero pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresentinso mu November 2023, mitengo yao inakwera nayo. Foni ikafa patapita miyezi isanu, bambo sangagule ina kufikira atakololanso. Ndicho chifukwa chake kusankha bwino ndi nkhani yaikulu kwa ife koposa kwa mwana wa munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi.

Anthu anzeru m'maiko ena anayesapo kale kupangira ana osauka makompyuta otsika mtengo, ndipo mbiri yao itiphunzitsa kanthu. M'chaka cha 2005 Nicholas Negroponte wa ku America analengeza za laputopu ya madola 100 yoti mwana ali yense akhale nayo, pa nchito yochedwa One Laptop per Child. Itayamba kupangidwa mu 2007, mtengo wake unafika pafupi madola 190. Dziko la Peru linagula ambiri, koma kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 anapeza kuti anawo sanakhoze koposa anzao pa masamu ndi pa chiyankhulo. Ku India nako, mu 2011, boma linaonetsa tabuleti yochedwa Aakash, ya madola 35 kwa ophunzira. Dziko lonse linazizwa ndi mtengowo, koma amene anaigwira anadandaula kuti inali yochedwa kuyankha ndi kuti batire lake silinali kukhalitsa. Mtengo wotsika pa wokha sunathandize mwana kuphunzira.

Tsono taonani amene anapambana. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, imene ipanga Tecno, itel ndi Infinix, inayamba yaona m'mene anthu a mu Africa akhalira. Inaika malo a makhadi awiri, pakuti munthu afuna Airtel ndi TNM m'foni imodzi. Inaika mabatire akulu. Ndipo inakonza kamera kuti ijambule bwino khungu lakuda. Kwa zaka zingapo tsopano yagulitsa mafoni ochuluka mu Africa koposa kampani ina iri yonse. Kuno kwathu, mu 2023, Unduna wa Maphunziro unayamba nchito ya BEFIT, yopatsa ana a Sitandade 1 kufikira 4 matabuleti okhala ndi maphunziro a kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Matabuleti amenewa atchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo maphunzirowo ali m'kati mwake kale, osafuna intaneti. Amene anakonza zimenezi anafunsa poyamba kuti, kodi magetsi alipo? Kodi netiweki iripo? Ife pogula tiyenera kufunsa chimodzimodzi.

Chinthu choyamba kuchiyang'ana ndicho batire. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti pa nyumba 100 ziri zonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndizo ziunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi nzochepa koposa. Ngakhale okhala pa Mponela penipeni akumbukira mdima wa mu 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Pa bokosi pali nambala yotsatana ndi malemba akuti mAh. Foni ya 5,000 mAh ikhalitsa ndithu koposa ya 3,000 mAh. Wa kumudzi amene alipira potchajitsa, kapena adikira kasola ka pa denga m'nyengo ya mvula, adziwa yekha kusiyana kwake.

Chachiwiri ndicho malo a m'kati, ndipo ali a mitundu iwiri. Pali RAM, imene iri ngati desiki logwirirapo nchito, ndipo pali malo osungira, amene ali ngati nkhokwe. Apa mpamene ambiri apusitsidwa. Bokosi likhoza kulembedwa 8GB ndi malemba akulu, koma pansi pake, ndi timalemba tating'ono, pali 4+4. Ndiko kuti desiki lenileni ndi la 4 okha, ndipo 4 enawo angobwerekedwa ku nkhokwe, imene ichedwa kwambiri. Foni ya RAM yochepa si yoipa ikakhala ndi Android Go, imene Google inaikonza mu 2017 kaamba ka mafoni otere. Koma nkhokwe ikhale yokwanira, ndipo pakhale polowetsa memore khadi, kuti mabuku ndi mapepala a mayeso akale tiwasunge ndi kuwawerenga popanda bandulo. Pali ngakhale pulogalamu yaulere yochedwa Kiwix, yosungira Wikipedia m'foni kuti munthu awerenge pamene palibe netiweki.

Chachitatu ndicho kukonzeka kwake. Foni idzagwa ndithu, ndipo pfumbi la mwezi wa October lidzalowa potchajira. Musanapereke ndalama, pitani kwa amisiri okonza mafoni pamsika, muwafunse ngati galasi ndi batire la mtundu umenewo zipezeka, ndi kuti nza ndalama zingati. Iwo ndiwo adziwa mitundu imene ibwera kawirikawiri pa tebulo pao. Foni yokongola yopanda zipangizo zosinthira iri ngati njinga yopanda chubu m'dziko lonse. Musatengekenso ndi maso a kamera atatu kapena anai kumbuyo kwake, pakuti pa mafoni otsika mtengo kawirikawiri limodzi lokha ndilo ligwira nchito yeniyeni. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinai ndicho mtengo weniweni, umene sulembedwa pa bokosi. Tiyerekeze kuti pali mafoni awiri, ina ya K120,000 imene ikhala chaka chimodzi, ina ya K180,000 imene ikhala zaka zitatu. Yoyambayo idya K120,000 pa chaka, yachiwiri K60,000 yokha. Masamu awa ngakhale wa Fomu 1 awakhoza, koma pamaso pa wogulitsa tiwaiwala. Onjezerani ndalama za bandulo ndi za kutchajitsa. Ndipo ngati foniyo ndi ya ngongole, ija yolipira pang'onopang'ono imene itsekeka mukalephera kulipira, phatikizani malipiro onse kufikira tsiku lomaliza, muyerekeze ndi mtengo wolipira kamodzi. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale nchito, imbani *#06# kuti muone nambala yake ya IMEI, muifananize ndi ya pa bokosi, ndipo musachoke opanda risiti, kuti mungagule ya kuba.

Ndidziwa kuti ena adzati, "Wosauka sasankha, atenga chimene ndalama zake zifikapo." Ine ndikana. Wolemera ndiye akhoza kugula mwachisawawa, pakuti mawa agula ina. Ngati ndalama sizikwanira foni yolimba, nkwabwino kukhala ndi foni ya mabatani chaka chimodzi, kapena kusonkherana ndi abale kugula imodzi yabwino ya banja lonse, kusiyana ndi kutaya matumba a soya pa chinthu chosafika ngakhale pa mayeso.

Enanso adzati, ndipo mwina ena mwa aphunzitsi athu ali pomwepa, "Nkhani iyi njosayenera mwana wa sukulu, pakuti mafoni aononga maphunziro." M'mau awa muli choonadi. Tonse tidziwa anzathu amene agona usiku pakati chifukwa cha Facebook ndi TikTok, ndipo m'mawa aodzera m'kalasi. Lamulo la MANEB loletsa foni m'chipinda cha mayeso ndi labwino, ndipo sindipempha kuti malamulo a sukulu aphwanyidwe ai. Koma pa tchuthi, ndi tsiku limene tidzatsiriza Fomu 4, ambiri a ife tidzagula ndithu, ndipo makolo athu amene sadziwa Chingerezi cha pa bokosi atifunsa ife kale kuti tiwasankhire. Wosankha chifukwa cha kamera adzaigwiritsa nchito ya kamera. Wosankha chifukwa cha batire ndi nkhokwe ya mabuku wayamba kale kuganiza ngati wophunzira.

Chifukwa chake ndipempha aphunzitsi athu, makamaka a masamu ndi a sayansi, kuti atipatseko phunziro limodzi pa teremu la kawerengedwe ka malemba a pa bokosi. Abwere ndi mabokosi awiri kapena atatu opanda kanthu, atiuze tipeze tokha imene iri yotsika mtengo zoona pa zaka zitatu. Phunziro lotere silifuna magetsi kapena chipinda cha makompyuta, koma choko ndi bolodi basi, ndipo lidzapulumutsa ndalama za mabanja ambiri.

Ndipo kwa inu anzanga nditi, pamene bambo kapena mai adzakutengani kunka ku sitolo atagulitsa mbeu zao, musachite manyazi kufunsa mafunso, kutembenuza bokosi ndi kuwerenga timalemba tating'ono. Wogulitsa woona mtima sadzakwiya. Kumbukirani kuti safunsa anadya phula, ndipo ndalama zimene muli nazo m'manja tsiku limenelo ndi thukuta la chaka chonse.

Wophunzira wa Fomu 3