Musagule kaiti musanadziwe kusambira

Achinyamata anzathu, mavidiyo a kiteboarding a ku Cape Town ndi ku Paje, Zanzibar, atizunguza mitu. Kuno ku Kapichila tilibe nyanja, koma tayamba kale kulakalaka kaiti ya salaula pa Facebook. Ife tikukana! Kaiti ya masikweya mita 12 imanyamula munthu wamkulu m'mwamba, ndipo yakale yopanda chomasulira mwamsanga ingakukokereni pamiyala. Woyamba kumene afunika kakaiti ka masikweya mita 2 kapena 3 kophunzirira pamtunda, chisoti, jekete loyandamitsa ndi mphunzitsi. Koposa zonse, adziwe kusambira. Mwera wa pa nyanja ya Malawi umamiza ngakhale asodzi odziwa madzi. Ndalamazo lipirani maphunziro, zida mudzagula pambuyo.