Makina ofungatira mazira akaleka kulankhula ndi foni

Abale oweta nkhuku, ena mwa inu muli ndi makina ofungatira mazira okhala ndi kachipangizo koyang'anira kutentha, kamene kamatumiza uthenga pa foni. Dandaulo lake n'lakuti kachipangizoka kamaduka kawirikawiri, foni n'kungokhala duu. Musathamangire kukazula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba dziwani ichi. Kachipangizoka kali ndi ntchito ziwiri: kuyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera, ndiponso kukuuzani pa foni. Uthenga ukaduka, zambiri mwa zipangizozi zimapitiriza kusunga kutentha kumene munatchera, malinga magetsi alipo. Choncho pitani kaye ku makinawo mukawerenge. Dzira la nkhuku limafuna madigiri 37.5 kwa masiku 21. Kuzizira kwa kanthawi mwanapiye angapirire, koma kutentha kukapyola madigiri 40 kwa maola angapo amafera m'dzira.

Mukaona kuti mazira ali bwino, yambani kufufuza magetsi. Kodi Credelec yatha? Ngati muli pa sola, kodi batire likufika mbandakucha? M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ku Angónia chotenthetsera chimayaka usiku wonse, batire n'kufooka tambala asanalire. Uthenga ukamaduka nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, kayikirani batire.

Kenaka yang'anani kabokosi kopereka Wi-Fi. Magetsi akabwerera, kachipangizo kamadzuka msanga pamene kabokosi kakali m'tulo, ndipo kena sikayesanso kulumikiza. Yatsani kabokosi, dikirani mphindi zingapo, kenaka zimitsani ndi kuyatsanso kachipangizo. Malata ndi zipupa zokhuthala za njerwa zimafooketsa Wi-Fi, tsono zinthu ziwirizi zikhale moyandikana. Zipangizo zambiri zotere zimamva 2.4 GHz yokha, osati 5 GHz. Mnyamata wodziwa mafoni akutchereni pamenepo. Mufunsenso ngati wina anasintha mawu achinsinsi a Wi-Fi. Ndipo ngati Wi-Fi ikuchokera pa foni ya bambo, bambo akapita ku msika wa ku Ulongwe nayonso yapita.

Vuto lina n'lathu lathu la m'malire. Ku Calómuè ndi ku Zóbuè mlongoti wa ku Malawi nthawi zina umamveka mwamphamvu kuposa wathu. Khadi ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ikasiyidwa kuti izidzisankhira yokha, ingalumphire tsidya, ndipo mamega amene munagula kuno sagwira ntchito kumeneko. Sankhani netiweki yanu pamanja, kabokosi mukaike pa zenera loyang'ana mlongoti wa kwathu. Onaninso tsiku limene mamega anu akutha, chifukwa amatha ngakhale simunawagwiritse ntchito onse.

Kufufuta zonse ndi kuyambiranso kukhale komaliza, pakuti kungafufutenso madigiri amene munatchera. Ngati mazira ali kale m'kati, makamaka kuyambira tsiku la 18 pamene tileka kuwatembenuza, dikirani anapiye aswe kaye.

Foni ikakhala chete sikuti zonse zili bwino. Ikani choyezera kutentha wamba m'makinamo, muziwerenga m'mawa, masana ndi usiku musanagone, n'kulemba m'kope. Ana a sukulu angakuthandizeni kulembako.