Positive uku, negative uko: magazi anga ndi ati?

Msuweni wanga anandiimbira foni mtima uli m'mwamba. Zaka ziwiri zapitazo atapereka magazi anamuuza kuti ndi O positive. Pano ndi woyembekezera, ndipo kusikelo amulembera m'buku kuti O negative. "Achimwene, kodi magazi amasintha?"

Ayi, sasintha. Ndipo n'kutheka kuti palibe amene analakwitsa.

Mawu oti positive kapena negative amanena za puloteni yotchedwa D, imene imakhala kunja kwa maselo ofiira a magazi. Ikakhalapo ndinu positive, ikasowa ndinu negative. Koma anthu ena ochepa ali ndi D yochepa kwambiri moti poyeza mwachangu sioneka. Madokotala amati weak D, ndipo inadziwika mu 1946. Enanso D yawo ndi yoperewera, mbali ina palibe. Imeneyi amati partial D, ndipo imapezeka kwambiri mwa ife anthu akuda kusiyana ndi azungu.

Ndiye n'chifukwa chiyani mayankho amasiyana? Munthu wotere akamapereka magazi amawerengedwa positive, chifukwa D yochepa yomweyo ikhoza kuputa chitetezo cha m'thupi mwa wodwala wa negative. Koma akamalandira magazi, kapena akakhala ndi pakati, amamusamalira ngati negative. Thupi la munthu wa partial D likakumana ndi D yathunthu limatha kuiona ngati mdani n'kuyamba kulimbana nayo.

Kwa mayi, D yathunthuyo ikhoza kuchokera kwa mwana amene ali m'mimba. Mwana woyamba nthawi zambiri amabadwa bwinobwino, koma wotsatira akhoza kubadwa ndi chikasu komanso magazi ochepa. Pofuna kupewa zimenezi, mayi amabayidwa jakisoni wa anti-D pasanathe maola 72 atachira. Odwala sickle cell, amene amawonjezeredwa magazi pafupipafupi, nawonso amafunika kusamalidwa chimodzimodzi.

Chimene chimathetsa kukayikira ndi kuyeza DNA, chifukwa kumasonyeza mtundu weniweni wa D imene munthu ali nayo.

Choncho mukalandira mayankho awiri osiyana, musangosankha lomwe lakusangalatsani. Jambulani onse awiri pafoni, mukawaonetse anamwino kapena adokotala, ndipo mufunse ngati anayezanso weak D. Msuweni wanga anachita zomwezo. Pachikuto cha buku lake la kusikelo analembapo ndi cholembera chofiira, kuti tsiku lochira aliyense adzaone.