Manchester United yagula omwetsa zigoli, koma chilonda chidakali pakati

Usiku wa pa 27 Ogasiti 2025, mvula ikukhuthuka pabwalo laling'ono la Blundell Park, timu ya Manchester United idatuluka mumpikisano wa Carabao Cup itagonja ndi Grimsby Town, timu ya m'ligi yachinayi ku England. Pofika pakupuma United idali itamwa kale zigoli ziwiri. Bryan Mbeumo ndi Harry Maguire adabweza zigolizo m'chigawo chachiwiri, koma pamapenate Grimsby idapambana 12-11. Mpira womaliza, womwe udawomba mtengo wam'mwamba, adaumenya ndi Mbeumo yemweyo, mmodzi mwa osewera atatu akutsogolo amene timuyi yawagula ndi ndalama zoposa mapaundi 200 miliyoni.

Msika wogula ndi kugulitsa osewera ku England udatsekedwa pa 1 Sepitembala 2025, choncho amene adalipo ndi omwe mphunzitsi wa nthawiyo Ruben Amorim ankayenera kukhala nawo mpaka Januwale. Lamulungu pa 14 Sepitembala United inkayembekezeka kukalowa pabwalo la Etihad kukathimbirira ndi Manchester City, ndipo sabata yotsatira kulandira Chelsea. Poyang'ana mndandanda wa osewerawo, zikuoneka kuti atsogoleri a timuyi athana ndi vuto limene aliyense ankaliona, la kusowa kwa zigoli, koma asiya lina limene limabala mavuto ambiri pabwalo.

Kumene timuyi ikuchokera

Sizoni ya 2024/25 United idamaliza pa nambala 15 pamatimu 20, ndi mapointi 42. Idapambana masewero 11, kulepherana 9 ndi kugonja 18. Idamwetsa zigoli 44 n'kumwa 54. Chiyambire 1974, chaka chimene idadulidwa m'ligi yaikulu, timuyi idali isanatsikepo chotero. Mwayi wotsiriza wopulumutsa sizoniyo udali ndime yomaliza ya Europa League mumzinda wa Bilbao pa 21 Meyi, koma Tottenham Hotspur idapambana 1-0. Kugonjako kudatseka khomo la Champions League pamodzi ndi ndalama zochuluka zimene mpikisanowo umabweretsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere sizoni ya 2014/15, United sidapeze malo mumpikisano uliwonse wa ku Ulaya m'sizoni ya 2025/26.

Kugwaku sikudayambe dzulo. Chikho cha ligi chomaliza chidabwera mu 2013, chaka chimene Sir Alex Ferguson adapuma pantchito. Kuyambira pamenepo padutsa David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Ole Gunnar Solskjær ndi Erik ten Hag, osawerengera ogwirizira. Aliyense ankabwera ndi kaseweredwe kake, n'kugula osewera ake, ndipo akachotsedwa ankasiyira mnzake anthu amene sadawasankhe. Amorim, yemwe adachokera ku Sporting ya ku Portugal mu Novembala 2024, adali wachisanu n'chimodzi kulandira cholowa chimenechi. Pamasewero 30 oyamba a ligi amene adatsogolera adapambana 8 okha, ndipo sadapambanepo awiri otsatizana.

Kutsogolo kwasinthadi

Palibe angatsutse kuti zigoli zinkasowa. Sizoni ya 2024/25, amene adamwetsa zambiri m'ligi adali Bruno Fernandes ndi Amad Diallo, aliyense zigoli 8. Omwe ntchito yawo yeniyeni idali kugoletsa, Rasmus Højlund ndi Joshua Zirkzee, adapeza zigoli 7 onse awiri pamodzi.

Atatu amene abwerawa manambala awo ndi ena. Mbeumo wa ku Cameroon adamwetsa zigoli 20 ali ku Brentford. Matheus Cunha wa ku Brazil, yemwe wagulidwa pamtengo wa mapaundi 62.5 miliyoni, adamwetsa 15 ku Wolverhampton Wanderers, timu yomwe idamaliza pansi pa United. Awiriwa ligi ya ku England akuidziwa kale, ndipo apa timuyi ikuoneka kuti yaphunzirapo, chifukwa m'zaka zapitazi idataya ndalama zambiri pa osewera amene adawala kumaiko ena koma n'kulephera kupirira liwiro ndi mphamvu za Premier League. Wachitatu, Benjamin Šeško wa ku Slovenia, adabwera ali ndi zaka 22 ndipo adamwetsa zigoli 13 m'ligi ya ku Germany ali ku RB Leipzig. Ndi wamtali, waliwiro, koma akadali wophunzira. Højlund nayenso adabwera chimodzimodzi mu 2023, ali mnyamata wa zaka 20 wochokera ku Atalanta, ndipo adasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Mu 2025 adapita ku Napoli pangongole.

Ena amene adachoka mu 2025 ndi Marcus Rashford, yemwe adapita pangongole ku Barcelona, Jadon Sancho pangongole ku Aston Villa, Alejandro Garnacho yemwe adagulitsidwa ku Chelsea pamtengo wa mapaundi 40 miliyoni, ndi Antony yemwe adakhazikika ku Real Betis. Amorim adawapatula anayiwa kuyambira pokonzekera sizoni, ndipo atsogoleri adaima naye. Izi zidamuchotsera mikangano m'chipinda chovalira, koma zidamuchotseranso chowiringula. Timu ikapitirira kugonja, sakadanenanso kuti akugwira ntchito ndi anthu osamumvera.

Pamene pali chilonda

Kuti vuto la pakati limveke, m'pofunika kuona momwe Amorim ankayalira osewera. Ankaika otchinga kumbuyo atatu, awiri othamanga m'mbali kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, awiri pakati penipeni, ndi awiri ena kumbuyo kwa womwetsa zigoli mmodzi. Ndondomekoyi idamupatsa zikho ziwiri za ligi ku Sporting, mu 2021 ndi 2024, ndipo adanenetsa kangapo kuti sadzaisintha. Matimu ambiri a ku England amaika anthu atatu pakati. Awiri a United ndiye kuti ankayenera kuthamanga malo a anthu atatu, kulanda mpira, kuuteteza ndi kuupereka kutsogolo kwa mphindi 90.

Pa osewera amene adalipo, padalibe amene adali ndi zonsezi. Casemiro, yemwe adatenga Champions League kasanu ndi Real Madrid, nzeru za mpira adali akadali nazo, koma adali ndi zaka 33 ndipo miyendo siinkamulolanso kuthamangitsana ndi anyamata masewero onse. Manuel Ugarte wa ku Uruguay amalanda mpira mwamphamvu, koma akaulanda savuta kuutaya. Kobbie Mainoo, wa zaka 20 panthawiyo, yemwe adamwetsa chigoli pomwe United idagonjetsa City mundime yomaliza ya FA Cup mu 2024, amatha kusunga mpira pamalo opanikizika, koma kumayambiriro kwa sizoni ya 2025/26 adali asanayambepo masewero a ligi, ndipo adapempha kuti apite kwina pangongole, timu n'kumukaniza. Kaputeni Bruno Fernandes, yemwe adali atangokwanitsa zaka 31 ndipo adakana ndalama zankhaninkhani za Al Hilal ya ku Saudi Arabia, adabwezedwa m'mbuyo kuti apereke malo kwa Cunha ndi Mbeumo. Zotsatira zake zidali zakuti wosewera amene adakhala akunyamula timuyi kuyambira 2020 ankasewera kutali ndi golo, pamalo ofuna munthu wodekha wosunga malo ake, chimene sichidakhalepo chikhalidwe chake.

Adani aona kale mpatawu. Pamasewero a ku Fulham omwe adathera 1-1, Alex Iwobi wa ku Nigeria adanena poyera kuti timu yake idakonzekera kulowa kumbuyo kwa osewera awiri apakatiwo. United idafunsira Carlos Baleba wa Brighton, mnyamata wa ku Cameroon yemwe ali ndi mphamvu zimene zikusowazo, koma mtengo udakwera ndipo ndalama zidali zitapita kale kutsogolo. Christian Eriksen adachoka mu 2025, wina sadalowe m'malo mwake panthawiyo. Ochemerera ambiri akukumbukiranso Scott McTominay, yemwe adagulitsidwa ku Napoli mu Ogasiti 2024, n'kukatenga chikho cha ligi ya ku Italy komanso kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse m'ligiyo.

Pagolo ndi kumbuyo

Pagolo nkhani siidathe. Altay Bayındır adalephera kugwira kona imene idabala chigoli cha Arsenal pamasewero oyamba a sizoni, omwe United idagonja 1-0 ngakhale idasewera bwino. André Onana wa ku Cameroon adalakwitsa ku Grimsby ndipo kenako adapita ku Trabzonspor ya ku Turkey pangongole. Patsiku lotseka msika timuyi idasankha Senne Lammens wa zaka 23 wochokera ku Royal Antwerp ya ku Belgium, m'malo mwa Emiliano Martínez wa Aston Villa, yemwe adatenga World Cup ndi Argentina. Lammens adali wotsika mtengo ndipo adali ndi zaka zambiri patsogolo pake, koma adali asanagwirepo masewero ngakhale amodzi ku England, komwe makona ndi mipira yoponya kuchokera kumbali zasanduka chida chachikulu chovutitsira magoloboyi.

Kumbuyo ndiye kudali anthu okwanira, akakhala bwino. Leny Yoro, wa zaka 19 panthawiyo, ankasonyeza kuti angadzakhale mzati wa timuyi, Matthijs de Ligt adayamba bwino, ndipo Maguire adali akadali wothandiza. Vuto ndi kuvulala. Lisandro Martínez adali asanabwerere chivulalire bondo mu Febuluwale 2025, ndipo Luke Shaw adali atakhala nthawi yambiri ya zaka ziwiri zam'mbuyomo akulandira chithandizo. M'mbali, Patrick Dorgu adagulidwa n'cholinga chosewera malo amenewo. Diogo Dalot ndi Noussair Mazraoui ndi otchinga, pomwe Amad ndi wosewera kutsogolo yemwe ankapemphedwa kubwerera kudzatchinga.

Disembala ndi mpikisano wa Africa

Padali chiyeso china chimene tsiku lake linkadziwika kale. Mpikisano wa Africa Cup of Nations udachitikira ku Morocco kuyambira pa 21 Disembala 2025 mpaka pa 18 Januwale 2026, nthawi imene masewero a ligi ya ku England amathinana. Mbeumo, Amad ndi Mazraoui ankayembekezeka kuitanidwa ndi maiko awo, ndipo atatu onsewa ankasewera mbali imodzi, ya kumanja. Cameroon ya Mbeumo ndi Côte d'Ivoire ya Amad zidali m'gulu limodzi ndi Gabon komanso Mozambique, pomwe Morocco ya Mazraoui idakumana ndi Zambia, Mali ndi Comoros. Okonda United a ku Chipata kapena ku Tete ankayembekezera kuona osewera awo akulimbana ndi matimu a maiko awo, koma ku Old Trafford mbali yonse ya kumanja inkayenera kumangidwanso kwa milungu ingapo.

Ndalama sizilinso ngati kale

M'mbuyomu United ikalakwitsa pogula inkangogulanso. Mwayi umenewo wachepa. Banja la Glazer la ku America lidagula timuyi mu 2005 ndi ndalama zangongole, ndipo ngongoleyo ikadalipo. Sir Jim Ratcliffe, mwini kampani ya INEOS, adagula gawo la 27.7 peresenti mu Febuluwale 2024 n'kutenga udindo woyendetsa za mpira. Chibwerereni, anthu pafupifupi 250 adachotsedwa ntchito mu 2024, ndipo mu Febuluwale 2025 timuyi idalengeza kuti ena ofika 200 atsatira. Iye adati pakadapanda kudula ndalama zogwiritsa ntchito, timuyi ikadauma m'thumba pofika kumapeto kwa 2025.

Utsogoleri watsopanowu nawonso wapunthwa. Udawonjezera mgwirizano wa Ten Hag mu Julaye 2024 n'kumuchotsa mu Okutobala, ndipo Dan Ashworth, yemwe adalembedwa kuti ayang'anire za osewera, adachoka patangotha miyezi isanu. Pamwamba pa zonsezi pali pulani yomanga bwalo latsopano lolowa anthu 100,000, lomwe likuyembekezeka kudya mapaundi 2 biliyoni. Kuchotsa Amorim kunkafuna ndalama zina, ndipo wolowa m'malo mwake ankayenera kupeza timu yomangidwa pandondomeko ya otchinga atatu, itagulitsa kale osewera ake ambiri a m'mbali.

Chimene chingatheke

Chinthu chimodzi chinkakomera Amorim, ndicho nthawi. Sizoni ya 2024/25 United idasewera masewero 60. M'sizoni ya 2025/26, kutuluka msanga mu FA Cup kunkatanthauza masewero 40 okha. Iye adakhala akudandaula kuti sankapeza masiku ophunzitsa osewera kaseweredwe kake. Panthawiyo adali ndi sabata yathunthu pakati pa masewero ambiri, pamalo ophunzirira a Carrington omwe adali atangokonzedwa ndi mapaundi 50 miliyoni.

Atsogoleri a timuyi adadziikira cholinga chotenga chikho cha ligi pofika 2028, chaka chimene United idzakwanitse zaka 150 chiikhazikitsire pansi pa dzina la Newton Heath. Osewera amene adalipo panthawiyo sakadafika pamenepo. Zigoli za Mbeumo ndi Cunha zinkatha kuikweza timuyi kuchoka pa nambala 15 kufika polimbirana malo a mipikisano ya ku Ulaya, kumene kukadakhala kupita patsogolo kooneka. Kuti ifike polimbana ndi Liverpool, Arsenal ndi City, inkafunika osewera apakati awiri amphamvu ndi goloboyi wodalirika, ndipo ndalama zogulira apakatiwo zinkadalira malo amene ikadamalizira sizoni ya 2025/26.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ku Old Trafford aphunzitsi asanu amene adalipo Amorim asanabwere adachoka kudekhako kusanabale chikho cha ligi. Amorim adali ndi mapointi 4 pamasewero atatu oyamba a sizoni ya 2025/26, ndipo atatu mwa mapointiwo adabwera ndi penate ya Fernandes m'mphindi zowonjezera pomwe ankasewera ndi Burnley, timu yomwe idali itangokwera kumene. City ndi Chelsea zili ndi osewera apakati oposa a Burnley, ndipo masewero awiriwa ankayembekezeka kusonyeza ngati anthu awiri angakwanitse kutseka pakati mpaka msika utatsegulidwanso mu Januwale 2026.